Phazi la Nemesio

Matabwa anafika Lachiwiri m'mawa pa basi yochokera ku Ayacucho, atakulungidwa m'mabulangete akale. Analipo asanu ndi anayi. Anakawatenga ndi bambo Hilarión, tcheyamani wa bungwe la ife a kumudzi wa Sayhuapata okhala muno mu Lima, ndipo analowa pakhomo atagwira msana ngati kuti matabwawo achoka nawo kumapiri pamutu.

"Maxi, ine ndatha," anatero akudziponya pa benchi. "Msinkhu wanga uno n'kumakwera m'madenga a eni? Dzina langa ulilembe pa chikwangwani ndi zilembo zooneka."

"Ndilemba, bambo. Ndi msanawo ndiulemba."

"Pakamwa pakopo ndi pamene panathawitsa amuna," anayankha, koma akuseka.

Nyumba yathu yoonetsera zojambula musaiganizire patali. Ndi chipinda chimodzi cha bungwe, pakati pa phiri la mchenga, moyang'anana ndi wowotcherera zitsulo. Makoma ndimapaka laimu ndekha kawiri pachaka, koma chinyezi cha mu Julaye chimabwererabe n'kujambula zakezake m'makona. Wa kwathu akamwalira timatsitsa zithunzi, timaika bokosi pakati, mawa lake n'kupachikanso. Ndakhala ndikuyang'anira chipindachi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo chionetsero cha matabwa akale chinali nzeru zanga ndekha. Ndikunena izi kuti pasapezeke wina womuloza chala.

Kwathu munthu akamanga nyumba, mnzake uja anamunyamulira mwana pa ubatizo amabwera ndi thabwa lalitali lojambulidwa tsiku lofolera denga. Pansi pamakhala woyera mtima, pamwamba dzuwa, pakati onse a m'banjamo, aliyense m'kachigawo kake. Nkhope sitivutika nazo: timadontho tiwiri, kamzere, basi. Munthu amadziwika ndi chimene akuchita. Woluka ali pa nsalu yake, wokonda mowa ali ndi botolo lake, ndipo palibe amakwiya chifukwa mudzi wonse ukudziwa kale. Thabwalo amalikhomera kudenga, limakhala komweko kumwa utsi mpaka nyumba itagwa.

Bambo anga, malemu Cipriano, anali wojambula matabwa otere. Tinathawa kumudzi chaka chimene anthu amfuti anafika kumapiri, ine ndili ndi zaka zinayi, ndiye za ku Sayhuapata ndimazidziwa za m'kamwa mwa anthu. Ntchito ndinaiphunzira kwa iwo muno mu Lima, pa timatabwa ting'onoting'ono togulitsa kwa alendo, ndi penti wa m'sitolo.

Mwa matabwa asanu ndi anayi aja, limodzi linali ndi mwiniwake amene ankalidikira kuposa tonsefe. Mayi Agripina amagulitsa chimanga chophika ndi tchizi pamalo okwerera basi kumunsi kwa phiri. Mwana wawo wamwamuna, Nemesio, anatengedwa ndi anthu amfuti ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, akuweta nkhosa, ndipo sanaonekenso. Chithunzi chake chinali chimodzi chokha. Anakachisiya ku ofesi ina imene inalonjeza kuwathandiza kumufunafuna, ndipo nacho chinapita ulendo womwewo. Kumudzi sangapitenso, adokotala anawauza kuti mtima wawo sungapirire mapiri. Chimene chinatsala cha Nemesio chinali pa thabwa limene bambo anga anawapatsa, poti ndi iwo anamunyamula pa ubatizo.

Chilengezereni za chionetserocho pamsonkhano, mayiwa ankakwera phiri tsiku lililonse kudzandifunsa ngati basi yafika. Tsiku lina anakhala pa benchi nthawi yaitali akupezera mpweya, kenako anati:

"Ndayamba kumuiwala, Maxi. Ndikatseka maso ndikungoona chipewa. Pansi pa chipewacho palibe kanthu."

"Pa thabwa paja nkhope zonse n'zofanana, amayi. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ine ndikamuona ndimuzindikira. Bambo ako anamujambula iyeyo ndithu."

Lachiwiri lija anafika ndisanamasule ndi chingwe chomwe. Anaima pakhomo, ndowa ya chimanga ikufuka nthunzi m'manja.

"Lili pati?"

"Lafika, amayi, koma ndi lakuda bii. Simuonapo kanthu."

"Ndingolikhudza."

"Mudikire Lamulungu. Mudzalione litasamba, lili pakhoma, nyale ikuwala. Zaka zonsezi mwadikira, masiku asanu n'chiyani?"

Anandiyang'ana, anayang'ana mabulangete aja, kenako anatulutsa chimanga chimodzi n'kundiikira patebulo. Anatsika phiri pang'onopang'ono akugwira makoma a nyumba za anthu. Ndinkafuna kuwadabwitsa. Ndinkafuna adzandithokoze pamaso pa anthu, ndisabise.

Thabwa lawo ndinaliyamba Lachitatu. Mwaye wa zaka makumi anayi sufuna madzi, chifukwa utoto wa bambo unali wa dothi ndi masamba, wopakidwa ndi nthenga ya nkhuku pamwamba pa dothi loyera. Ndinagula buledi, n'kumatenga m'kati mwake mofewamo, kukulunga timipira, kumagudubuza pang'onopang'ono. Mpira ukada ndimataya, ndimatenga wina. Pofika madzulo nkhunda za pa msewu wathu zinali zitasonkhana pakhomo kulimbirana buledi wakuda.

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Pansi penipeni panali zolemba za bambo, zopendekeka monga ankalembera, ndi chaka cha 1979. Ndinakhala kaye pansi, chifukwa sindinayembekezere kukumana ndi dzanja lawo. Pamwamba pake malemu Eleuterio, mwamuna wa mayi Agripina, ali pambuyo pa ng'ombe zolimira. Kenako mayiwo akupota ulusi. Kenako mwana wawo wamkazi, Basilia, atanyamula mtsuko. Lachisanu m'mawa ndinafika pa Nemesio.

Anali kamnyamata ka chipewa chachikulu, chitoliro chili m'lamba, dzanja lamanja lili m'mwamba, nkhosa zinayi kutsogolo kwake. Phazi lamanzere linali mu nsapato ya tayala. Lamanja linali pansi, lopanda kanthu. Pamwamba pa nkhosa yakutsogolo panali kadontho kakuda konga nyemba, kamene buledi analephera kukachotsa.

Ndinadziuza kuti utoto wa nsapato inayo unasupuka. Ndi zimene ndinadziuza, ndipo ndi zimene ndikanauza aliyense wondifunsa. Koma zala zinalipo zonse zisanu, zojambulidwa chimodzichimodzi, ndipo munthu sajambula zala pamalo pamene akufuna kuikapo nsapato. Ndinaziona. Ndinangosafuna kuzifunsa.

Chimene chinandigwira ndi china. Ndinakumbukira tsiku langa loyamba kusukulu muno mu Lima, atsikana atandizungulira, osayang'ana nkhope yanga koma mapazi anga ong'alukang'aluka. Dzina limene anandipatsa tsiku limenelo ndinatha nalo sukulu. Tsono Lamulungu kunkabwera anthu olemera a kumunsi kunyanja, aja ovala magalasi pamutu, ndi mtolankhani mmodzi amene ndinamupempha miyezi iwiri. Ndinawamva kale m'mutu mwanga akuti, ayi zomvetsa chisoni, onani umphawi wake. Anthu amenewa akaona phazi la munthu wa kumapiri saonanso china chilichonse. Ndinapsa mtima ndekhandekha m'chipinda chopanda munthu. Ndinati mwana wa mayi Agripina sadzaima pakhoma langa kuti anthu azimumvera chisoni cha mapazi. Ndinati ndimuveke, mayi ake amupeze ali bwino.

Ndinatenga burashi yaing'ono ndi penti wakuda. Sizinanditengere ndi mphindi khumi zomwe. Nsapato inatuluka bwino zedi, yofanana ndi inzake, zingwe zake zopingasa pamwamba pa zala. Kadontho kaja ndinakaphimba ndi penti woyera. Pa foni sindinajambule kalikonse ndisanayambe, chifukwa ndinkati zithunzi ndidzajambula zonse zikakongola.

Bambo Hilarión anabwera Loweruka ndi pepala la mawu awo. Anayenda molunjika pa thabwa la kwawo, anayamikira mmene malemu bambo awo akuonekera pa kavalo, ndipo ena onsewo sanawayang'ane.

Lamulungu kunacha ndi mawawa. Kumwamba kunali kotuwa monga kumakhalira miyezi imeneyi, mchenga wa m'njira utasanduka phala. Tinatsegula masana. Woimba zeze ndi woimba vayolini anakhala pakona, amayi a m'bungwe anabwera ndi chicha, mowa wathu wa chimanga, m'ndowa ndi chimanga chokazinga. A kwathu anabwera ngati makumi atatu. A kunja anabwera anayi, mtolankhani sanaoneke. Bambo Hilarión anawerenga masamba atatu onse, anatchula msana wawo kawiri, anthu n'kuomba m'manja kuti asiye.

Mayi Agripina anafika mawu ali pakati. Anali atavala siketi yawo ya pa chikondwerero ndi chipewa cha maluwa, kumsana atabereka kamtolo. Sanapereke moni kwa aliyense. Ndinawagwira mkono n'kupita nawo pakati pa khoma, pamene ndinaimika thabwa lawo pansi pa nyale yowala kuposa zonse.

Anayambira pansi, monga timawerengera. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda pa woyera mtima. Pa amuna awo anaseka pang'ono.

"Onani mdalayu. Ng'ombe zimenezi sizinali zake n'komwe, zinali za achimwene ake."

Pa iwo eni anangoti hm. Pa Basilia anagwedeza mutu. Kenako maso awo anadutsa pa Nemesio osaima, anakwera mpaka padzuwa, n'kutsikanso. Anayambiranso pansi, tsopano ndi chala.

"Maxi."

"Amayi."

"Bambo ako anaika Nemesio pamwamba pa Basilia. Ali kuti?"

"Ndi uyu, amayi. Onani chipewa, onani nkhosa."

Anasendera pafupi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda thabwa. Zeze anali akulirabe pakona paja.

"Uyu si wanga," anatero motsitsa. "Uyu ali ndi nsapato zonse."

Bambo Hilarión anali atafika kumbuyo kwathu ndi kapu ya chicha. Anayang'ana pa thabwa, ndipo koyamba chidziwireni ine, mawu awo anatuluka aang'ono.

"Kaphazi. Paja ameneyu anali Kaphazi."

"Ndani?" ndinafunsa.

"Mudzi wonse unkamutcha choncho. Nkhosa ikapatuka iye sankatola mwala ngati anzake. Ankati mwala upweteka nkhosa. Ankavula nsapato yamanja n'kuiponya, kenako n'kumatsimphina kukaitola. Tsiku lonse phazi limodzi pansi. Ukaona munthu paphiri akuyenda motsimphina, umadziwa kuti ndi mwana wa a Eleuterio."

"Ndinkamukalipira," anatero mayi Agripina, maso ali pa thabwa. "Ndinkati udzataya nsapato iwe, ndani akugulire ina? Bambo ako atabwera ndi thabwali anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nsapato inali apa." Anaika chala pamwamba pa nkhosa yakutsogolo, pa penti wanga woyera. "Inali m'malere, ikupita. Ili kuti?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati utsi unadya. Bambo Hilarión anandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndiname. Koma penti watsopano amawala mosiyana ndi dothi lakale, ndipo chala cha mayiwo chinali chitamva kale kusalala kwake.

"Ndine, amayi. Ndinaona ngati utoto unasupuka."

"Unasupuka?"

"Ndinafuna mumupeze ali bwino."

"Anali bwino."

Sanakweze mawu. Mayi wina mwa alendo aja anabwera ndi foni yake, anatiuza mwaulemu kuti tisendere pang'ono, anajambula thabwalo n'kunena kuti ndi lokongola kwambiri, makamaka kamnyamata ka nkhosako.

Anthu a kwathu sachedwa kumva fungo la nkhani. Zeze anasiya kulira. Mmodzimmodzi anayamba kukumbuka kuti anasiya nyemba pamoto. Pofika chakumadzulo tinatsala atatu, ine, bambo Hilarión ndi mayi Agripina amene anakhala pa benchi, kamtolo kali pamiyendo.

"Ndichotsa," ndinatero. "Pentiyu ndi wadzana. Achoka."

"Maxi, usathamange," anatero bambo Hilarión. "Tifunse kaye odziwa."

"Odziwa ndine. Thabwali ndi la bambo anga."

Unali mtima womwewo umene unandionongetsa ntchito Lachisanu. Ndinagoneka thabwa patebulo, ndinatenga thonje ndi sipiriti. Penti wa m'sitolo akauma amakhala ngati pulasitiki, sipiriti anangomufewetsa pamwamba. Ndinatenga lezala. Ndinalowetsa nsonga yake m'mphepete mwa nsapato mosamala monga ndingathere, ndikupemphera chamumtima. Pentiyo ananyamuka wonse kamodzi, kachikamba kakang'ono kakuda. Kunsi kwake kunamatirira dothi loyera, ndipo pa dothipo panali phazi. Linanyenyeka pa lezala pompo n'kusanduka fumbi.

Mwendo wamanja wa Nemesio unathera pa kakolo. Kumunsi kwake kunali thabwa lokhalokha.

Pamene panali nsapato ya m'malere sindinayerekezenso kukhudzapo. Mayi Agripina anadzuka n'kubwera kudzaona. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndijambulanso," ndinatero. "Ndili ndi dothi la bambo, analisiya m'chitini. Nthenga ndipeza. Simudzasiyanitsa n'komwe."

"Chala chachikulu chinali bwanji?"

"Amayi?"

"Unaliona phazilo Lachisanu. Unalisambitsa wekha. Chala chachikulu chinali bwanji?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga. Zala zisanu ndinaziona, inde. Koma ndinaziona ngati chinthu chofunika kuphimba.

"Sindikukumbuka."

"Chinali chokhota. Ng'ombe inamuponda ali wamng'ono. Bambo ako anachijambula chokhota." Kenako nkhope yawo inasintha. "Chinkakhotera kuti, Hilarión? M'kati kapena kunja?"

Bambo Hilarión anayang'ana pansi. "Papita zaka, mayi."

"Ndimati ndidzaonera pamenepa," anatero.

Apa ndi pamene ndinalira. Ndinalira moipa, mokweza, ngati kuti wotayikayo ndi wanga, ndipo ndinachita manyazi ndi kulirako chifukwa mwiniwake maso ake anali ouma. Anabwerera pa benchi n'kumasula kamtolo kaja. M'kati munali nsalu ina, m'kati mwa nsaluyo nsapato imodzi ya tayala, yamanja, youma gwa, chingwe chimodzi cholumikiza ndi waya.

"Tsiku limene anamutenga, nkhosa zinabwera zokha kunyumba dzuwa lili pamutu," anatero. "Ndinapita kuphiri. Ndinaipeza mu udzu, patali ndi njira. Anali ataiponya, sanapeze mpata wokaitola. Ndimati ndikamuona lero ndimuonetse kuti sinatayike."

Anaipukuta ndi chikhatho. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinati andikhululukire, ndinati ndinali wopusa, ndinanena zambirimbiri zimene sindikuzikumbuka. Anandisiya ndimalize. Sanandikankhe, komanso sanandigwire.

"Aja amfuti anandisiyirako nsapato, mwana wa a Cipriano," anatero. "Iwe wanditengera phazi."

Anatiuza kuti tiimikenso thabwalo pakhoma. Tinaliimika. Anawerama movutikira n'kuika nsapato ija pansi pake, pasimenti, moyang'ana kuchitseko. Kenako anapinda nsalu zawo ziwiri n'kutuluka. Bambo Hilarión anafuna kuwaperekeza, iwo anakana. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana akutsika m'mawawa muja, dzanja lili pa makoma a anthu.

Chionetsero chinakhala milungu itatu monga tinalengezera. Mtolankhani uja anabwera sabata yachiwiri. Matabwa enawo anangowadutsa, koma pa la mayi Agripina anaima, anagwada, anajambula nsapato ndi mwendo wopanda phazi kuchokera mbali zonse. Anati zimenezi n'zamphamvu kwambiri, anafunsa kuti nzeru yochotsa phazi inali ya ndani. Ndinamuuza kuti inali yanga. Anandigwira chanza.

Matabwa asanu ndi atatu anabwerera kwa eni ake. Lachisanu ndi chinayi lidakali pakhoma, chifukwa mwiniwake sanabwere kudzalitenga, ndipo nsapato ndimaizungulira ndikamasesa. M'mawa uliwonse ndimadutsa pamalo okwerera basi. Mayi Agripina amakhala pomwepo ndi ndowa yawo. Ndimapereka moni, amayankha. Dzulo nditadutsa anandiitana ndi dzanja. Ndinabwerera mothamanga.

"Maxi," anatero, "chipewa chija, chinali ndi lamba wofiira kapena wakuda?"